Mota Yofooka Pakati pa Mpikisano: Vuto la Madontho a Oyilo pa Magalimoto a Rimoti

Galimoto imanyamuka ndi ukali belu likangolira. Mphindi yoyamba imakoka bwino, m'makona imatuluka mwamphamvu, panjira yowongoka palibe woipeza. Pofika mphindi yachitatu, amene munawasiya kumbuyo aja ayamba kukufikani, ndipo mphindi 5 zikamatha galimoto ikungokwawa, mota yatentha moti simungaikepo chala. Mukabwerera pathebulo mumatenga kabotolo ka madontho n'kudonthezanso pa mota, mwina madontho awiri kapena atatu tsopano poti limodzi silinakwane. Ulendo wotsatira galimoto imanyamukanso bwino, koma imafooka msanga kuposa poyamba.

Vutoli limabwerezabwereza chifukwa chimene mwiniwake akuchiyesa mankhwala ndi chomwe chikudwalitsa mota. Dontho limathandizadi, koma pamalo ake, pamlingo wake, ndiponso pa mota yoyera. Likagwera pa mota yakuda limangosonkhezera litsiro.

Mabotolo ndi awiri, ntchito zake n'zosiyana

Chisokonezo chambiri chimayambira pa mabotolo. Onse ndi aang'ono, onse ali ndi kamlomo konga singano, ndipo m'bokosi la zida amakhala pamodzi. Loyamba ndi la oyilo wopepuka wa mabushi ndi mabering'i (tizitsulo tochirikiza shafuti ya mota), amene amapita pamene shafuti ikuzungulira, kutsogolo ndi kumbuyo kwa mota. Lachiwiri ndi limene ogulitsa amalemba kuti comm drops, madzi opakidwa pa komyuteta, mbali ya mkati mwa mota pamene mabulashi (tizidutswa ta kaboni topereka magetsi) amakhudza kopa. Oyilo wa mabushi akafika pa komyuteta amawononga. Madontho a komyuteta akaikidwa m'bushi sakhalitsa, bushiyo imauma. Lembani mabotolo anu bwino, chifukwa zilembo za ogulitsa zimafufutika ndi oyilo yemweyo.

Dziwaninso mtundu wa mota yanu. Mota ya mabulashi, monga ya saizi 540 imene imabwera m'magalimoto ambiri a Tamiya kapena za 27T (T akusonyeza kuti waya wa mkati anakulungidwa kangati) zimene kale zinkalamulira mipikisano ya stock, ya mota za mlingo wofanana, ili ndi malo atatu amene dontho lingafike: bushi kapena bering'i yakutsogolo, yakumbuyo, ndi komyuteta. Mota yopanda mabulashi, monga 21.5T, 17.5T kapena 13.5T, ilibe komyuteta n'komwe. Malo ake ndi awiri basi, mabering'i. Ngati wina wakupatsani madontho a komyuteta kuti muike pa mota yotere, m'bwezereni botolo lake.

Musanaiimbe mlandu mota

Nthawi zambiri galimoto yofooka imakhala ndi mota yabwinobwino. Musanatsegule botolo lililonse, masulani pinyoni, kagiya kakang'ono ka pashafuti, kenako kankhani galimotoyo pathebulo. Iyenera kuyenda yokha kamtunda ndithu. Ikangoima pomwepo, vuto lili m'mawilo, m'mabering'i a m'magudumu, m'lamba kapena m'magiya, ndipo mota yakhala ikulimbana ndi katundu wosayenera. Ulusi wa kapeti, tsitsi ndi udzu zimakonda kukulungika kuseri kwa mawilo.

Onaninso mmene pinyoni ikulumirana ndi giya yaikulu. Zikathinana kwambiri, mota imatentha ndipo bushi yakutsogolo imadyeka mbali imodzi. Njira yakale imagwirabe ntchito: ikani kapepala pakati pa mano a magiya awiriwo, kanikizani, mangani mota, ndiyeno chotsani pepalalo. Giya yaikulu izitha kugwedezeka pang'ono kwambiri mukaigwira. Zungulizani giyayo yonse mukuyesa, poti magiya apulasitiki ambiri sakhala ozungulira ndendende, ndipo pamakhala malo amodzi pothina.

Chachitatu ndi batire. LiPo ya maselo awiri imakhala pa mavoti 8.4 ikadzaza, ndipo imatsika pang'onopang'ono mpikisano ukamapita. Kutsika kumeneku n'kwachibadwa. Koma batire lokalamba limagwa msanga likangopanikizidwa, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndendende ndi za mota yakuda. Bwerekani batire labwino kwa mnzanu muyese ulendo umodzi. Galimoto ikatha mphindi zonse ili ndi mphamvu, mota isiyeni. Mapulagi otentha mukangomaliza kuthamanga nawonso akukuuzani kuti mphamvu ikuthera pamenepo.

Zitatuzi zikakhala bwino, ndiye tiyang'ane mota.

Kuthamanga poyamba, kufooka pambuyo pake

Ili ndiye vuto lenileni la madontho a komyuteta, ndipo ndi bwino kumvetsa chimene chimachitika mkatimo. Komyuteta ya mota ya 540 ili ndi zigawo zitatu za kopa, zolekanitsidwa ndi timipata titatu. Mabulashi awiri amakanikizidwa pamenepo ndi masipuling'i. Mota ikamazungulira ka 20,000 pa mphindi, bulashi iliyonse imadumpha kampata ka 60,000 pa mphindi, kutanthauza ka 1,000 pa sekondi imodzi. Pa kudumpha kulikonse pamathetheka kamoto, ndipo bulashi imasiya kafumbi ka kaboni ndi chitsulo.

Mota ikakhala youma, fumbi limeneli lambiri limauluka n'kutuluka m'mabowo a kumbuyo. Mukaikapo dontho, poyamba zinthu zimayenda bwino: kukhuzana kumachepa, litsiro lopyapyala limene linali pakopa limasungunuka, magetsi amadutsa mosavuta, ndipo mukamvetsera mumamva mota ikukweza mawu. Mphamvu imeneyo ndi yeniyeni, n'chifukwa chake anthu sasiya. Koma madziwo amagwira fumbi lija. Kutentha kukamakwera, mbali yopepuka ya madziwo imauma n'kusiya phala lakuda bii, ndipo mabulashi amalikokolola n'kulilowetsa m'timipata tija.

Apa ndi pamene mota imafera. Timipatato tinaikidwa kuti magetsi asadutse kuchoka pachigawo china kupita pa china. Kaboni amadutsitsa magetsi. Timipata tikadzaza, mbali ina ya mphamvu imangodutsa pamenepo osalowa m'mawaya a amecha, mbali yozungulira ya mota, n'kusanduka kutentha. Mota imayamba kudya batire kwambiri uku ikukoka pang'ono. Kutenthako kumafooketsa masipuling'i, mabulashi amayamba kudumphadumpha, moto wothetheka umakula, kopa amapsa. Zotsalira zina zimalowa m'timakonde mmene mabulashi amatsetsereka, bulashi n'kumatirira osakanikiza bwino. Dontho latsopano limasungunula zonsezi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, galimoto n'kuoneka ngati yachira, kenako zimaumanso zili zochuluka kuposa kale.

Kuti mutsimikize, yang'anani pabowo la kumbuyo mukuzunguliza shafuti ndi chala. Komyuteta yathanzi imaoneka kopa wowala kapena wofiirira pang'ono mofanana ponseponse, timipata tili poyera. Yodwala imakhala yakuda, yonyowa, timipata osaoneka. Ikakhala ndi mtundu wa buluu kapena wapepo, inapsa. Ngati muli ndi choyezera magetsi, chotsani pinyoni, yendetsani mota pa mavoti atatu kapena anayi, muone ma ampu amene ikukoka. Lembani nambala imeneyi mota ikadali yatsopano kapena mukangoitsuka, kuti tsiku lina mudzakhale ndi poyerekezera. Nambala ikakwera pomwe liwiro silinakwere, mkati muli litsiro kapena china chikugwira.

Kukonza kwake n'kutsuka. Chotsani batire, tulutsani mota m'galimoto. Ngati ndi mota yotseguka, chotsani masipuling'i ndi mabulashi, mukumbukire bulashi iliyonse mbali imene inali ndi mmene inayang'anira, popeza iliyonse inadyeka motsatira malo ake. Musanamasule chivundikiro cha kumbuyo, lembani kachizindikiro pomwe chinalili, chifukwa kuchitembenuza pang'ono kumasintha taiming'i, nthawi imene magetsi amalowera m'mawaya. Tulutsani amecha, ndipo timawasha tonse tiikeni pansalu motsatana mmene tinalili, takutsogolo patokha, takumbuyo patokha. Poperani sipulei yotsukira mota mpaka madzi otsika asiye kuda. Timipata tiyeretseni ndi kamtengo kotokosera mano kapena kapulasitiki kosongoka, mukukokera kunja. Mpeni kapena singano zimatukula m'mphepete mwa kopa, ndipo kam'mphepete kameneko kamadya bulashi m'mphindi zochepa. M'timakonde ta mabulashi lowetsani kathonje konyowetsedwa ndi sipulei yomweyo.

Mabulashi amene nsonga zake zasintha mtundu kapena afupika kwambiri tayani. Masipuling'i amene anatentha tayaninso, ngakhale akuoneka bwino, chifukwa maso sangaone kuti afooka. Komyuteta ikakhala ndi kamkwasa pomwe mabulashi amadutsa, kapena m'mphepete mwa timipata mwapsa, kutsuka sikukwanira. Imafunika kusemedwa pa kamakina kosemera komyuteta kuti ibwerere mwakale, kenako muikemo mabulashi atsopano. Sandipepa pa komyuteta ine sindimulola. Amaisiya yosazungulira bwino, ndipo timchenga take timatsalira m'kopa.

Mota yotsekedwa, yosamasuka, itsukeni kudzera m'mabowo: poperani pa komyuteta mukuzunguliza shafuti, mota itayang'ana pansi kuti litsiro lituluke m'malo molowa mkati. Dikirani iume kaye musanailumikize ku batire. Masipulei ambiri amagwira moto, ndipo mota ya mabulashi imathetheka. Chitirani zimenezi pamalo opita mphepo, kutali ndi bodi ya galimoto, poti sipulei ina imawononga penti ndi pulasitiki.

Nanga madontho a komyuteta muwasiyiretu? Maganizo anga ndi akuti amayenera munthu amene amatsuka mota pakutha pa ulendo uliwonse ndipo ali ndi posemera komyuteta. Wotereyu amaika dontho limodzi laling'ono pa komyuteta yoyera atatsala pang'ono kupita pamzere, amatenga mphamvu ya mphindi zoyambazo, ndipo akabwerako amatsuka nthawi yomweyo zisanaume. Amavomerezanso kuti mabulashi ndi komyuteta azisintha kapena kusema pafupipafupi. Ngati inu mumathamanga tsiku lonse osatulutsa mota m'galimoto, mota youma ndi yoyera idzakupatsani nthawi yabwino pa mphindi zonse 5 kuposa yodonthezedwa. Mpikisano amawerenga maulendo onse ozungulira bwalo, ndipo kutsogola pa maulendo atatu oyamba sikubweza zimene mutaye pa khumi otsalawo.

Mota ikulira kwee, makamaka mukangoitsuka

Ambiri amadabwa kuti mota yayamba phokoso tsiku lomwe aitsuka. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka bushi. Mabushi a m'mota zotsika mtengo ndi za stock amapangidwa ndi ufa wa buronzi wopanikizidwa ndi kuwotchedwa, motero amakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo m'timabowomo mumakhala oyilo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a bushi yonse. Luso limeneli ndi lakale; kampani ya Chrysler inalitulutsa mu 1930 ndi dzina loti Oilite. Shafuti ikamazungulira n'kutentha, oyilo amatuluka pang'onopang'ono n'kupanga kamuyalo pakati pa zitsulo ziwirizo, ndipo ikazizira ena amabwerera m'timabowo.

Sipulei yotsukira mota simasankha. Imachotsa kaboni pa komyuteta, imachotsanso oyilo m'bushi. Mukangobwezera mota m'galimoto osadontheza, shafuti imayenda pachitsulo chouma, imayamba kunjenjemera m'bowo lake, ndipo ndiko kulira mukumvako. Zimachitikanso kwa amene amazoloweretsa mabulashi atsopano poyendetsa mota m'madzi pa mavoti ochepa. Akamaliza ayenera kuiumitsa bwinobwino ndi kudontheza mabushi onse awiri, apo ayi dzimbiri limayamba usiku womwewo.

Kadonthezedwe kake ndi aka. Imikani mota shafuti itayang'ana kumwamba, ikani dontho limodzi pamene shafuti ikulowa m'bushi, zungulizani ndi chala kangapo, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo alowe, kenako pukutani zonse zimene zatsala kunja. Tembenuzani, chitaninso chimodzimodzi kumbuyo, koma kumeneku dontho likhale laling'ono kwambiri. Ngati kamlomo ka botolo lanu kamatulutsa dontho lalikulu, donthezerani pansonga ya kawaya, kawayako ndiko kakafikitse oyilo pamalo pake.

Phokoso likabwerera pakangotha ulendo umodzi, bushi yatha. Gwirani shafuti, yomwe pa mota ya 540 ndi yamamilimita 3.175, muigwedeze cham'mbali. Kusuntha pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo n'kololedwa, koma cham'mbali simuyenera kumva kugogoda. Bushi yakula bowo singabwerere ndi oyilo. Oyilo wolemera amangobisa phokosolo kwa kanthawi uku amecha ikugwedera, komyuteta ikudyeka mopendama. Pa mota yotseguka sinthani bushi. Pa yotsekedwa sinthani mota.

Simunadonthezepo pa komyuteta, koma yada ndi yonyowa

Apa wolakwa ndi oyilo wa bushi yakumbuyo. Bushi imeneyi ili pafupi kwambiri ndi komyuteta, ndipo oyilo wochuluka amayenda pashafuti n'kukafika pakopa. Zotsatira zake n'zofanana ndi zija tafotokoza kale, mwinanso zoipirapo, chifukwa oyilo wa mabushi sanapangidwe kuti adutsitse magetsi ndipo amapsa n'kusiya utoto wolimba pakopa. Mu mota zambiri zotseguka muli kawasha kofiirira kosadutsitsa magetsi kamene kamakhala koyandikana ndi komyuteta, ndipo kamathandiza kutchinga oyilo. Kamasowa kawirikawiri pomasula, chifukwa kamamatirira m'chivundikiro n'kugwa osaoneka. Ngati vutoli linayamba mutangomanga mota, kafufuzeni.

Kutsogolo nako oyilo wotsala ali ndi zake. Shafuti imamumwaza pa pinyoni ndi giya yaikulu, fumbi la pabwalo limamatirira, mano a giya amayamba kudyeka. Pa magalimoto okhala ndi kilachi yotsetsereka pambali pa giya yaikulu, oyilo akafika pa timapadi take kilachiyo imayamba kuterera. Mota imalira mwamphamvu koma galimoto osapita, ndipo woyendetsa amaganiza kuti mota yafooka, n'kudonthezanso. Mukaona kamzere kakuda ka madontho mkati mwa chivundikiro cha magiya kapena pansi pa bodi, molunjika ndi pinyoni, mukuika oyilo wochuluka.

Mota zopanda mabulashi

Izi zinachotsa ntchito yambiri, koma zinabweretsa ulesi. Anthu ena sazigwira chaka chonse, ena amazithira oyilo ngati mota yakale. Zonse ziwiri zimapha mabering'i. Mota ya 3,000 KV (yozungulira ka 3,000 pa mphindi pa voti iliyonse) pa batire lodzaza la mavoti 8.4 imatha kuzungulira ka 25,200 pa mphindi ikakhala yopanda katundu, ndipo zonsezo zimasenzedwa ndi timabering'i tiwiri tating'ono.

Kuyesa bering'i ndi chala kumavuta pa mota yotere ikadali yomanga, chifukwa maginito amachititsa shafuti kuzungulira modukizadukiza ngakhale zonse zili bwino. Muyenera kutulutsa rota, mbali yozungulira yokhala ndi maginito. Igwireni zolimba potulutsa ndi pobwezera, poti maginito ake amakoka mwamphamvu ndipo ikadzigwetsa yokha imatha kuswa masensa, tizipangizo tozindikira pamene rota yafika pozungulira. Sungani timawasha motsatana. Kenako lowetsani shafuti m'bering'i iliyonse payokha n'kuzunguliza. Yabwino imayenda mosalala ndi mwakachetechete. Ikamakhala ndi pogwiragwira, kapena ikamamveka ngati muli timiyala, yadyeka kale mkati, ndipo oyilo sangafafanize mabala a pachitsulo. Sinthani. Bering'i ndi yotchipa poyerekeza ndi rota imene imakhula m'mbali bering'i ikagwa.

Yomwe ikungomveka youma, ikani dontho limodzi la oyilo wopepuka m'mphepete mwa mkombero wamkati, zungulizani, pukutani. Mabering'i otchingidwa ndi kachitsulo amalola oyilo kulowa kudzera pakampata kameneko. Otchingidwa ndi rabala salola zambiri. Dontho limangokhala kunja n'kumatola fumbi, pokhapokha mutatukula rabalayo mosamala. Dziwaninso kuti bering'i yatsopano imabwera ndi girizi wake mkati. Mukangoyamba kuithira oyilo wopepuka kapena sipulei, girizi ujayo amasungunuka n'kutuluka, ndipo kuyambira pamenepo bering'iyo idzadalira inu. Opikisana ena amachita dala zimenezi kuti achepetse kulemera kwa kazunguliridwe. Palibe cholakwika, bola azikumbukira kudontheza pafupipafupi.

Vuto lina limene limanamiziridwa oyilo, ndipo nthawi zina molondola, ndi galimoto yonjenjemera ponyamuka, yochita ngati ikukana kupita kenako n'kudumpha. Pa mota ya masensa, yambani ndi kachingwe ka mawaya 6 kochokera ku mota kupita ku ESC, kachipangizo kolamulira liwiro la mota. Kamaduka mkati kapena kusolokoka pang'ono, ndipo kusintha kachingweko kumathetsa nkhani zambiri zotere. Ngati sizinathe, tsegulani kumbuyo muone kabolodi ka masensa atatu. Oyilo wochuluka wa bering'i yakumbuyo amafika pamenepo, ndipo ngakhale iye mwini sadutsitsa magetsi, amagwira fumbi la chitsulo limene maginito amakokera mkati. Pukutani kabolodiko mofatsa ndi kathonje konyowetsedwa ndi sipiriti wa isopropyl, dikirani kaume. Tizitsulo tomatirira pa rota tichotseni ndi tepi yomata, nsalu imangotisuntha.

Oyilo amene sayenera kufika pa mota

WD-40 wamba ndi woyamba. Ntchito yake yaikulu n'kuthamangitsa chinyezi ndi kumasula zomangika, ndipo mbali yake yambiri imauma. Amatsuka oyilo wabwino m'bushi n'kusiya kamuyalo kosakwanira liwiro limeneli. Oyilo wa injini ya galimoto yaikulu ndi girizi n'zolemera, zimakoka mota m'mbuyo ndipo sizilowa bwino m'timabowo ta bushi. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ulimbo.

Woopsa kwambiri ndi amene amakhala pafupi m'bokosi lililonse: oyilo wa silikoni wa m'mashokabuzoba. Pakati pa chitsulo ndi chitsulo satereretsa bwino, ndipo pa mota ya mabulashi ali ndi vuto linanso. Silikoni akakumana ndi moto wothetheka pa komyuteta amasanduka silika, chinthu cholimba chosadutsitsa magetsi, chimene chimadya mabulashi ndi kutchinga kopa. Mukamaliza kudzaza mashokabuzoba, sambani m'manja musanagwire mkati mwa mota.

Ngati oyilo wa mabering'i wakutherani pa tsiku la mpikisano, wa makina osokera angakupulumutseni. Ndi wopepuka ndi woyera, kungoti sakhalitsa pa kutentha, ndiye muzibwereza.

Mota yoyera, yodonthezedwa bwino, koma ikutenthabe

Pamenepa botolo libwezeni m'bokosi. Kutentha kochuluka kwa mota kumachokera m'mawaya, pamene magetsi ambiri akudutsa, ndipo mabering'i amangowonjezera pang'ono. Magetsi amachuluka pinyoni ikakhala yaikulu kwambiri kwa bwalo limenelo, taiming'i ikapitirira, kapena matayala akakhala aakulu kuposa amene munayezera magiya. Yezani mota ndi kachipangizo koyezera kutentha mukangoima, musanacheze ndi wina aliyense, chifukwa imazizira msanga. Opikisana ambiri amayesetsa kuti isapitirire madigiri 70 mpaka 80 a Celsius. Ikapitirira, tsitsani pinyoni ndi dzino limodzi kapena awiri, thamangani mphindi zonse za mpikisano, yezaninso. Kuyeza patatha mphindi ziwiri zokha kumanamiza.

Kutentha kumawononga mwa njira imene singabwezedwe. Maginito akapsa amataya mphamvu mpaka kalekale. Mota yotere imazungulira mwaliwiro ikakhala m'manja, mwina kuposa kale, koma pabwalo ilibe chikoka potuluka m'makona, ndipo imatentha msanga kuposa poyamba. Ambiri amathera mabotolo pa mota yotere. Pa yopanda mabulashi mutha kugula rota yatsopano. Pa yotsekedwa ya mabulashi, nthawi yake yatha. Kutentha kumaumitsanso oyilo m'mabering'i, choncho tsiku limene mota yapsa kwambiri, iyang'aneni ndi kuidontheza isanathamangenso.

Kangati, ndipo malamulo akuti chiyani

Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense. Bushi imafuna kadontho kawirikawiri, pakatha maulendo ochepa, komanso nthawi iliyonse imene sipulei kapena madzi zaikhudza. Bering'i imapirira nthawi yaitali. Kuiyang'ana pokonzekera tsiku la mpikisano n'kokwanira kwa ambiri. Pabwalo la dothi ndi fumbi, chofunika kwambiri n'kupukuta: tsukani kunja kwa bering'i ndi kaburashi kouma musanadontheze, chifukwa dontho logwera pafumbi limalowa nalo mkati. Pa kapeti mdani ndi ulusi umene umakulungika pashafuti kuseri kwa pinyoni n'kumayamwa oyilo m'bushi. Masulani pinyoni nthawi ndi nthawi muuchotse.

Za malamulo, mabungwe a mipikisanoyi monga IFMAR ya dziko lonse lapansi, ROAR ya ku North America, EFRA ya ku Ulaya ndi BRCA ya ku Britain ali ndi mabuku awo, ndipo makalabu amawonjezerapo awo. M'magulu amene aliyense amathamanga ndi mota yofanana, makamaka kumene okonza mpikisano ndiwo amagawa mamota, pamakhala malire a zimene mungaichite mota, ndipo kuitsegula kapena kuikamo mankhwala kungakuchotsetseni pa zotsatira. Funsani woyang'anira mpikisano m'mawa musanadontheze chilichonse pa komyuteta, ndipo m'funseni motchula botolo lenilenilo, chifukwa oyilo wa mabushi akhoza kuloledwa pomwe madontho a komyuteta akukanidwa.